Sitima Zogula ndi Sitima Zomanga: Lipoti la Kakonzedwe ka Gulu Lankhondo la South Africa Kuchokera mu 1994

Lipoti lino likuunika momwe dziko la South Africa lidakonzera gulu lake lankhondo ulamuliro watsankho utatha, komanso chimene chidachitikira luso lomanga sitima zankhondo m'dzikomo pa zaka zotsatirazo. Ndalilemba monga munthu amene ntchito yake ndi kukonza mapulani a kagulidwe ndi kasamalidwe ka zida zikuluzikulu, motero chidwi changa chili pa ndalama, pa anthu aluso ndi pa ndondomeko imene ziganizo zidatsatana nayo. Nkhani ya kuphatikiza asilikali ndi nkhani ya kumanga sitima kawirikawiri zimakambidwa padera, imodzi ngati yandale ndipo inayo ngati ya mainjiniya, chonsecho zimadya m'mbale imodzi, chifukwa ndalama imene yalonjezedwa kale ku malipiro a anthu singapezekenso pa tsiku logula chitsulo kapena lokonza injini.

Dzikoli lili ndi gombe lotalika pafupifupi makilomita 3,000 pa nyanja ziwiri zamchere, ya Atlantic ndi ya Indian, ndipo dera la nyanja limene liyenera kulondera, kuphatikizapo lozungulira zilumba za Marion ndi Prince Edward, ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 1.5 miliyoni, kuposa mtunda wa dziko lenilenilo. Katundu wambiri amene limagula ndi kugulitsa kunja amadzera pamadzi. Funso loti sitima zankhondo zilipo zingati, ndiponso zingati mwa izo zingathe kunyamuka padoko lero, si lachibwana kwa dziko lotere.

Zimene boma latsopano lidapeza

Mpaka m'zaka za m'ma 1970, asilikali apamadzi a South Africa ankadalira Britain. Sitima zawo zitatu zikuluzikulu za mtundu wa frigate, zotchedwa President Kruger, President Steyn ndi President Pretorius, zidamangidwa ku Scotland, ndipo doko la Simon's Town lenilenilo lidali m'manja mwa Angerezi mpaka 1957. Zinthu zidasintha mu Novembala 1977, pamene bungwe la United Nations lidakhazikitsa lamulo loletsa mayiko onse kugulitsa zida ku boma latsankho. Dziko la France, limene panthawiyo linkamangira South Africa sitima ziwiri zankhondo ndi masabumarini (sitima zoyenda pansi pa madzi) awiri, lidathetsa malondawo. President Kruger idamira mu Febuluwale 1982 itawombana ndi sitima inzake ya Tafelberg, asilikali 16 n'kufa, ndipo pofika 1985 panalibenso frigate ngakhale imodzi imene inkagwira ntchito.

Chiletsocho, ngakhale chidali chilango choyenera, chidabala chinthu chimene olemba mapulani ayenera kuchiyang'anitsitsa. Popeza kunalibe kogula, boma lidakakamizika kumanga. Mwa sitima zing'onozing'ono 9 zothamanga kwambiri zonyamula mizinga, zitatu zoyamba zidamangidwa ku Israel, ndipo 6 zotsalazo zidamangidwa ku Durban ndi kampani ya Sandock Austral. Pamalo omwewo padamangidwanso sitima ziwiri zosaka mabomba a m'madzi, kenaka padatuluka SAS Drakensberg, sitima yonyamulira zinzake mafuta, madzi ndi katundu, yolemera matani pafupifupi 12,500 ikadzaza, imene idayamba ntchito mu 1987 ndipo mpaka lero ndiyo sitima yankhondo yaikulu koposa imene idamangidwapo m'dzikomo. Chofunika kuona si kukula kwa Drakensberg koma mzere umene idatulukamo: kwa zaka pafupifupi khumi, sitima ina isanatsike m'madzi chitsulo cha inzake chidali chitadulidwa kale, kotero owotcherera, ojambula mapulani, oika mapaipi ndi amagetsi ankachoka pa ntchito yosavuta kupita pa yovutirapo osachoka pageti. Nkhondo ya ku Namibia ndi Angola itatha mu 1989, ndalama za chitetezo zidadulidwa kwambiri, maoda adaima, ndipo anthu aja adabalalika.

Kuphatikiza magulu asanu ndi awiri

Gulu latsopano, la South African National Defence Force, lidabadwa pa 27 Epulo 1994, tsiku la chisankho choyamba cha anthu onse. Lidayenera kulandira magulu asanu ndi awiri amene ena mwa iwo ankaphana posachedwapa: asilikali a boma lakale, asilikali a madera anayi amene boma latsankho lidapatulira anthu akuda, a Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei, a Umkhonto we Sizwe a chipani cha ANC, ndi a APLA a chipani cha PAC. Pambuyo pake adawonjezerapo ena ochokera ku gulu la KwaZulu logwirizana ndi chipani cha Inkatha. M'kaundula mudalembedwa maina pafupifupi 28,000 a Umkhonto we Sizwe ndi 6,000 a APLA, ngakhale ambiri sadabwere kudzalembetsa kapena adasankha kulandira ndalama n'kubwerera kwawo. Akuluakulu a asilikali ochokera ku Britain adaitanidwa kuti akhale oweruza osakondera pa nkhani ya maudindo, chifukwa padalibe njira yophweka yofananizira munthu amene adaphunzira usilikali ku Angola kapena ku Soviet Union ndi amene adadutsa m'sukulu za ku Pretoria.

Ntchitoyi sidayende mosalala. Pa msasa wa Wallmannsthal, kumpoto kwa Pretoria, omenyera ufulu adadikira miyezi yambiri m'matenti osadziwa udindo umene adzapatsidwe, ndipo mu Okutobala 1994 zikwi za iwo zidachoka pamsasapo popanda chilolezo, mpaka Pulezidenti Nelson Mandela adapita yekha kukawayankhula. Ambiri ankadandaula kuti sakuphatikizidwa koma akungomezedwa ndi gulu lakale, limene lidasunga malamulo ake, mayunifomu ake ndi mkulu wake, General Georg Meiring. Iyeyu adatula pansi udindo mu 1998 atapereka kwa Pulezidenti lipoti la chiwembu chogwetsa boma limene oweruza adalipeza kuti n'lopanda umboni, ndipo m'malo mwake mudalowa General Siphiwe Nyanda wochokera ku Umkhonto we Sizwe. Poyang'ana zonse, chiweruzo changa n'chakuti kuphatikizako kudatheka pa cholinga chake chachikulu: asilikali sadalande boma, sadagawikane n'kuyamba kumenyana, ndipo adavomereza kulamulidwa ndi nduna ndi Nyumba ya Malamulo monga momwe chikalata cha mfundo za chitetezo cha 1996 chidanenera.

Koma mtendere umenewo udagulidwa ndi malipiro, ndipo ngongole yake ikulipidwabe. Chiwerengero chidakwera kufika pafupifupi 100,000 pakati pa zaka za m'ma 1990, kenaka n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhazikika pa anthu opitirira pang'ono 70,000. Boma silidafune kuchotsa ntchito mokakamiza anthu odziwa mfuti m'dziko la ulova waukulu, ndipo palibe munthu wanzeru angalidzudzule pa mantha amenewo. Vuto n'lakuti njira yolemekezeka yotulutsira msilikali wokula, yokhala ndi penshoni yokwanira ndi maphunziro a ntchito ina, siidapatsidwe ndalama zokwanira, motero amene ankachoka modzifunira adali aja okhala ndi luso logulitsika, pomwe otsalawo ankakwera msinkhu ndi malipiro chaka ndi chaka. Olemba mapulani a chitetezo m'dzikomo amagwiritsa ntchito muyeso wakuti magawo 40 pa 100 apite kwa anthu, 30 ku ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi 30 ku zida zatsopano. M'zaka zaposachedwa gawo la anthu lapitirira 60, pomwe bajeti yonse ya chitetezo, imene idali pafupifupi 4 peresenti ya chuma cha dziko kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, tsopano siifika ndi 1 peresenti yomwe.

Nthambi ya pamadzi idamva kuwawa kwa kagawidweka kuposa ya pamtunda. Msilikali wapansi wopanda galimoto yatsopano angathebe kulondera malire, koma wapamadzi wopanda sitima yoyenda alibe ntchito ndipo sangaphunzirenso kanthu. Magulu omenyera ufulu adali ndi anthu ochepa kwambiri odziwa za panyanja, kotero kusintha nkhope ya nthambiyi kudafuna kuphunzitsa achinyamata kuyambira pachiyambi, ntchito imene imatenga zaka zoposa khumi kuti munthu afike poyendetsa sitima yaikulu kapena poyang'anira chipinda cha injini. Vice Admiral Refiloe Mudimu adakhala mkulu woyamba wachikuda wa nthambiyi mu 2005.

Mgwirizano wa mu 1999

Mu 1995 nduna zidaimitsa ganizo logula sitima ku Spain, ponena kuti dziko liyambe lagwirizana kaye za mtundu wa gulu lankhondo limene likufuna. Kauniuni wa zachitetezo wa 1998 atavomerezedwa, boma lidasaina mu Disembala 1999 makontirakiti a ndalama pafupifupi R30 biliyoni, ogulira ndege za Gripen ndi Hawk, mahelikoputa a Agusta, ndi sitima 7 zochokera ku Germany. Zinayi zidali frigate za mtundu wa MEKO A-200, zotalika mamita 121, zimene zidatchedwa Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, ndipo zitatu zidali masabumarini a Type 209 otchedwa Manthatisi, Charlotte Maxeke ndi Queen Modjadji I. Zonse zidali zitayamba ntchito pofika 2008. Pa luso lokhalokha, sitimazi zidali zabwino, ndipo kayendedwe ka frigate zija kadali kachilendo panthawiyo: mainjini awiri a dizilo ozunguza mapulopela, ndi injini ina yofanana ndi ya ndege yokankha madzi kumbuyo pofuna liwiro, utsi wake n'kumatulukira m'munsi pafupi ndi madzi kuti mizinga yotsata kutentha isaione msanga.

Chiganizo chimene chidali ndi zotsatira zazitali ndi cha malo omangira. Matupi onse a sitima 7 zija adamangidwa ku Germany, a frigate ku Hamburg ndi ku Kiel. Frigate zija zidafika ku Simon's Town mu 2003 ndi 2004 zili zopanda zida, ndipo kumeneko ndi kumene adaikamo makina omenyera nkhondo, ambiri a iwo opangidwa m'dziko momwemo, monga mzinga wa Umkhonto wa kampani ya Denel. Gawo limeneli lidapulumutsa mainjiniya a zamagetsi ndi a makompyuta, ndipo liyenera kuyamikiridwa. Koma Durban, imene idatulutsa Drakensberg zaka 12 zokha m'mbuyomo, siidapatsidwe ngakhale sitima imodzi yoti imange. Zifukwa zake zidali zomveka: asilikali apamadzi adakhala zaka 14 opanda frigate ndipo sadafune kudikiranso, kumanga kwanu koyamba kumadula ndiponso kumachedwa, ndipo ngongole yochokera ku mabanki a ku Ulaya inkabwera mosavuta ngati ntchito ikugwiridwira kwawo komweko. Ngakhale zili choncho, ndimaona kuti pamenepa padatayika mwayi waukulu koposa m'mbiri yonseyi. Njira imene idatsatidwa pa sitima zonyamula mizinga zija, yomanga zoyamba kunja ndi zotsala kwanu pansi pa maso a eni mapulani, idali yodziwika kale, ndipo mayiko ena amene adagula sitima za banja lomwelo la MEKO, monga Turkey, Greece ndi Australia, adamangira zina kapena zonse m'madoko awo. Turkey lero imajambula ndi kumanga sitima zakezake, n'kumagulitsanso kunja.

M'malo mwa kumanga, boma lidalandira malonjezo akuti makampani ogulitsawo adzabweretsa malonda ndi mafakitale a ndalama zoposa R100 biliyoni ndi ntchito 65,000. Zimene zidaoneka zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi lonjezolo, ndipo zambiri zidalibe chokhudzana ndi sitima. Pamwamba pake padagwa katangale. Mu 2005 khoti lidapeza Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa Jacob Zuma amene panthawiyo adali wachiwiri kwa Pulezidenti, wolakwa n'kumulamula kukhala m'ndende zaka 15, ndipo umodzi mwa milandu yake udali wopempha chiphuphu m'malo mwa Jacob Zuma ku kampani ya ku France ya Thomson-CSF, imene idali ndi gawo pa makina a nkhondo a frigate zomwezi. Mlandu wa Zuma ndi kampaniyo, imene tsopano imatchedwa Thales, wakhala ukukokedwa m'makhoti kwa zaka zambiri. Komiti ya Jaji Willie Seriti idanena mu 2016 kuti sidapeze umboni wa ziphuphu, koma khoti lalikulu lidataya lipoti lakelo mu 2019 chifukwa chosafufuza mokwanira. Kwa wokonza mapulani, chiwonongeko chachikulu cha zonsezi sichili pa ndalama zobedwa zokha: kuyambira pamenepo, pempho lililonse la ndalama za sitima lidayamba kununkha pamaso pa aphungu ndi pa unduna wa zachuma, ngakhale lidali lopempha zogulira mafuta ndi utoto.

Doko la Simon's Town ndi ntchito yosaoneka

Mtengo wogulira sitima yankhondo ndi gawo laling'ono la zimene idzadye pa moyo wake wa zaka 30 kapena kuposerapo, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zotsalazo imathera m'doko louma. Limeneli ndi dziwe lalikulu la miyala ndi simenti, ngati la Selborne la ku Simon's Town limene lidatsegulidwa mu 1910. Sitima imakokeredwa mkati ndi zingwe, chitseko chachitsulo chimatsekedwa kumbuyo kwake, ndipo madzi amapopedwa pang'onopang'ono kwinaku osambira akulowa pansi kukatsimikiza kuti msana wa sitimayo ukukhala ndendende pa zipika zimene zidayalidwa motsata mapulani ake, chifukwa ikaphonya pang'ono thupi lake limapindika. Madzi akatha, amapala ndere ndi nkhono, amayeza kuchindikala kwa chitsulo malo ndi malo kuti aone pamene dzimbiri ladya, amasolola mitanda yaitali yozunguza mapulopela, ndiponso amamasula mavavu onse a pansi pa madzi n'kuwayesa limodzilimodzi. Pa sabumarini ntchito imakula koposa, pakuti mabatire ake mazanamazana amayenera kutulutsidwa kudzera pa kabowo kakang'ono, ndipo msoko uliwonse wowotcherera pa thupi lake umajambulidwa ndi makina a ekisire, popeza mng'alu wosaoneka ndi maso umapha anthu onse 30 a m'katimo. Wowotcherera wololedwa kugwira msoko wotere amakhala ndi setifiketi imene imatha mphamvu akakhala miyezi ingapo osagwira ntchitoyo. Ichi n'chifukwa chake luso la padoko silisungika m'kabati podikira chaka cha ndalama.

Pokonza mapulani timawerengera kuti mwa sitima zinayi, imodzi izikhala ikukonzedwa, ina ikuphunzitsa anthu ake, ndipo ziwiri kapena imodzi zikhale zokonzeka kutumidwa. Kasinthasinthayu akaduka pamalo amodzi, zonse zimakalamba pamodzi. Doko la Simon's Town lidaperekedwa m'manja mwa Armscor, bungwe la boma logula zida, mu 2007, litataya kale amisiri ambiri ndipo makina ake atakalamba. Pofika 2023, pa frigate zinayi zija, Amatola yokha ndiyo idakonzedwa, mwa gawo chabe, ku Durban mu 2014 ndi 2015, ndipo pa masabumarini, Manthatisi yokha ndiyo idamalizidwa panthawi yomweyo, zinazo n'kupitirira nyengo yake yokonzedwa ndi zaka zambiri. Pamene masipeyala sakugulidwa, amisiri amayamba kumasula pampu kapena bolodi la magetsi pa sitima yoima kuti akaike pa imene ikufunika kunyamuka, mchitidwe umene umapulumutsa ulendo wa mawa koma umasandutsa sitima yoimayo kukhala nkhokwe ya masipeyala. Zotsatira zake zimaoneka m'malipoti a ku Nyumba ya Malamulo: m'zaka za 2022 mpaka 2024, nthambiyi idakhala panyanja maola osakwana 3,000 pachaka pa maola 8,000 amene idadziikira, chonsecho mulingowo udali utatsitsidwa kale. Mu 2023 unduna wa zachuma udapereka R1.4 biliyoni yokonzera frigate imodzi ndi sabumarini imodzi, ndipo Isandlwana idatumizidwa ku Durban.

Pomwe sitima zinkachepa, ntchito zinkachuluka. Achifwamba a ku Somalia atalanda sitima yausodzi ya Vega 5 m'madzi a Mozambique kumapeto kwa 2010, South Africa idayamba mu 2011 kulondera nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pa ntchito yotchedwa Operation Copper, ikumakocheza ku Pemba. Imeneyi ndiyo njira imene sitima zonyamula mafuta ndi feteleza zimadzera popita ku Beira ndi ku Nacala, kumene katundu wa Malawi ndi Zambia amatsikira, choncho kufooka kwa nthambiyi si nkhani ya eni ake okha. Kutumiza frigate ya mizinga kukathamangitsa mabwato a achifwamba kudadya maola a injini zodula pa ntchito imene sitima yotchipa ikadaigwira. Ndipo pamene mayiko a SADC adatumiza asilikali ku Cabo Delgado mu 2021, zigawenga zitagwira doko la Mocímboa da Praia kwa chaka chathunthu, sitima imene South Africa idatumiza ku Pemba idali SAS Makhanda, imodzi mwa zonyamula mizinga zija zimene zidamangidwa ku Durban m'zaka za m'ma 1980, itachotsedwa mizinga n'kusandutsidwa yolondera.

Kauniuni wina, wotsogozedwa ndi Roelf Meyer, adavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2015. Adanena mosabisa kuti gulu lankhondo likulowa pansi moopsa, ndipo adayala masitepe asanu, loyamba lili longoimitsa kugwako. Ndalama zake sizidaperekedwe.

Kubwerera kwa ntchito yomanga

Chiyembekezo chidabwera kudzera pa khomo la zachuma osati la chitetezo. Mu 2014 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Operation Phakisa yofuna kupeza ntchito kuchokera ku nyanja, ndipo padaikidwa lamulo lakuti sitima zogulidwa ndi boma zizimangidwa m'dziko momwemo, magawo osachepera 60 pa 100 a mtengo wake azitsala kwa makampani a komweko. Kampani ya Damen Shipyards Cape Town, nthambi ya kampani ya ku Netherlands, idayamba ndi timasitima tiwiri tokoka zinzake padoko, Imvubu ndi Inyathi. Mu 2018 idapatsidwa kontirakiti ya Project Biro, yomanga sitima zitatu zolondera m'mphepete mwa gombe, zotalika mamita 62, zokhala ndi mphuno yoongoka ngati nkhwangwa yodula mafunde m'malo mowakwera, ndi mfuti ndi makina oonera patali a kampani ya Reutech. King Sekhukhune I idaperekedwa mu 2022, King Shaka Zulu mu 2023 ndipo Adam Kok III mu 2025, ndipo kwawo ndi ku Salisbury Island ku Durban, malo a asilikali apamadzi amene adatsitsidwa udindo mu 2002 pofuna kupulumutsa ndalama kenaka n'kuyamba kukwezedwanso mu 2015. Ntchitoyi idayenda bwino pa zifukwa zimene zingathe kutchulidwa: mapulani adali oyesedwa kale kwina, sitima zidali zitatu zofanana kotero zolakwa za yoyamba zidakonzedwa pa yachiwiri, ndipo kampaniyo idali ndi makasitomala ena a m'mayiko a mu Africa oidyetsa pakati pa malipiro a boma. Komabe Biro yoyambirira idali ya sitima 6, ndipo zitatu zazikulu zolondera kutali ndi gombe, zimene zikadapumitsa frigate pa ntchito ya ku Pemba, zidachotsedwa chifukwa chosowa ndalama.

Project Hotel idaonetsa mbali ina. Cholinga chake chidali kupeza sitima yoyeza kuya kwa nyanja ndi kujambula mapu a oyendetsa sitima, yolowa m'malo mwa SAS Protea imene idayamba ntchito mu 1972. Owerenga a ku Malawi angakondwe kudziwa kuti Protea idamangidwa ndi Yarrow ya ku Scotland, kampani yomweyo imene idapanga Ilala, ndipo zonse ziwiri zapitirira kutali zaka zimene eni ake ankayembekezera. Ntchito ya mapuyi si yapamwamba pongoiona, koma South Africa ndiyo idapatsidwa udindo wochenjeza sitima za mayiko onse za ngozi pa chigawo chachikulu cha nyanja za kummwera. Kontirakiti idapita ku Southern African Shipyards ya ku Durban, imene pambuyo pake idatenganso dzina lakale la Sandock Austral, ndipo chitsulo choyamba chidadulidwa kumapeto kwa 2018. Kampaniyi idali itangomanga bwino sitima zingapo zokoka zinzake za Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji, koma kuchoka pamenepo kupita pa sitima imodzi ya mamita 95, yodzaza ndi makina omvera pansi pa nyanja amene safuna phokoso la injini, kudali kulumpha kwakukulu. Mliri wa Covid-19, zipolowe za mu Julaye 2021 ndi madzi osefukira a mu Epulo 2022 zidagwera Durban motsatizana, ndipo pofika 2024 sitimayo idali isanaperekedwe.

Sindikuona kuti kuchedwaku kukutanthauza kuti amisiri a ku Durban ndi operewera. Sitima yoyamba ya mtundu uliwonse imachedwa ndi kudula paliponse pa dziko lapansi, ndipo phindu la maphunziro ake limakololedwa pa yachiwiri ndi yachitatu. Oda ya sitima imodzi yokha imalipira sukulu yonse popanda kulandira setifiketi, ndipo kampani imene ilibe ntchito ina yaikulu pambali imadalira malipiro a sitepe iliyonse kuti ilipire antchito ndi ogulitsa chitsulo, kotero kusagwirizana kwa mwezi umodzi pa pepala kumaimitsa ntchito yonse.

Kuchokera pa mbiri imeneyi, chimene ndingalangize unduna wa zachitetezo ndi wa zachuma n'chakuti ayambire kumene safuna kuyambira, ndiko kupereka kamodzi ndalama zokwanira zotulutsira mwaulemu asilikali opitirira msinkhu wa maudindo awo, n'kutsekera mwalamulo ndalama zopulumutsidwazo ku thumba la kukonza zida kuti zisabwerere ku malipiro. Pambuyo pake pafunika mgwirizano wa zaka 15 kapena 20 pakati pa asilikali apamadzi, Transnet, nthambi yoona za usodzi ndi apolisi, kuti sitima zonse za boma ziikidwe pa mzere umodzi wogawidwa pakati pa Cape Town ndi Durban, chifukwa palibe imodzi mwa nthambizi imene payokha ingadyetse malo omangira sitima chaka chonse. Pa mzerewo poyamba pakhale sitima zitatu zolondera kutali zimene zidachotsedwa mu Biro, zomangidwa pa mapulani oyesedwa kale, ndipo oda yake isainidwe anthu amene adawotcherera Adam Kok III asanapite kukafuna ganyu ku madoko a ku Middle East. Frigate zinayi zija zidzafika zaka 30 chakumapeto kwa zaka za m'ma 2030, ndipo popeza kuchokera pa chiganizo mpaka sitima yoyamba kuyamba ntchito padatenga zaka pafupifupi 8 ulendo wapitawo, funso loti zolowa m'malo mwake zidzamangidwira kuti liyenera kuyankhidwa chaka cha 2030 chisanafike.